Njinga zodula mchira

Pa ziwalo zonse za njinga yamoto, pali chimodzi chimene woyendetsa sachiona ali paulendo. Mahandulo ali m'manja mwake, thanki ili pakati pa miyendo yake, tayala lakutsogolo akulipenya, ekizozi akuimva kulira. Koma madigadi akumbuyo, pulasitiki yaitali ija imene imatsika kuchokera pansi pa mpando n'kulendewera pamwamba pa tayala, amawaona pokhapokha akatsika. Mwina n'chifukwa chake anyamata a kwathu ku Mangochi ayamba kuwachotsa mosaganiza kawiri.

Mukaima madzulo pafupi ndi chipilala cha wotchi chija anamangira Mfumukazi Victoria mu 1903, pamene msewu umalowera pa mlatho wa Bakili Muluzi, muona zimene ndikunenazi. Njinga zimadutsa mondondozana ngati linthumbu, zina zikuwolokera kwa M'baluku ndi ku Namwera, zina zikutsikira kumsika. Zambiri ndi za kabaza, ma Lifo, ma Sanlg ndi ma Boxer, zitanyamula anthu, madengu a usipa, matumba a chimanga. Simukhalitsa musanaone ina yodula mchira: tayala lili pambalambanda, nambala yakwiririka mopendeka pansi pa mpando, kapena palibiretu.

Fashoniyi ili ndi dzina, ilinso ndi masitolo ake. Ku Joni amati fender eliminator, ena amati tail tidy. Ndi kachitsulo kopepuka, nthawi zambiri ka aluminiyamu, kakakulu pang'ono kuposa chikhatho. Kamalowa m'malo mwa madigadi onse aja n'kunyamula nambala, kanyali kounikira nambalayo ndi maindiketa, zonse zitapanikizidwa pansi penipeni pa mchira. Sikawonjezera liwiro. Kulemera kumene kumachokapo n'kochepa moti mukadya nsima ya masana mwakubwezeretsa. Phindu lake ndi maonekedwe basi, ndipo chimene anthu akutsanzira ndi njinga za mpikisano wa MotoGP, zija ankakwera Valentino Rossi, mwini nambala 46 imene mumaiona itamatidwa pa mathanki a njinga za kabaza. Njinga za mpikisanozo zilibe nambala ya boma, zilibe maindiketa, sizinyamula munthu kumbuyo, ndipo zimathamanga pa phula losesedwa pamene sipadutsa mbuzi.

Ine kachitsuloka ndinakagwira ndi manja anga pa holide ya mu Ogasiti. Msuweni wanga, mwana wa amalume, anakhala zaka zinayi ku Durban akugwira ntchito m'sitolo, monga achitira anyamata ambiri a kwathu amene sukulu yawo imathera pa basi ya ku Joni. Anzake anabwera ndi ndalama za malata, ena mafiriji. Iye anabwera ndi Kawasaki Ninja 300 yobiriwira, yogula kwa munthu, ndipo analipira msonkho ku MRA n'kuilembetsa bwinobwino, nambala ya MH. Ndikunena izi kuti musamuyese wozemba malamulo. M'chikwama mwake munalinso kapaketi ka fender eliminator, ndipo anadikira kuti ndibwere kuchokera kusukulu. "Iwe ndiye wa ku yunivesite," anatero, "uwerenge kapepalaka." Kapepalako kanali ndi zithunzi zakuda bii ndi Chingerezi choti ngakhale mphunzitsi wanga sakanachitola.

Tinagwirira ntchitoyi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya anganga kwa Mponda, titayala matumba a feteleza. Amene anakulira kunyanja akudziwa kuti nati ikagwera mumchenga wa Mangochi, mungoipepesa. Tinayamba ndi kuchotsa mipando yonse iwiri, kenako kumasula waya wa negativu pa batire kuti pasathetheke moto tikamagwira mawaya. Mapulasitiki a m'mbali mwa mchira ndi amene amafuna mtima wofatsa. Amagwirana ndi timano tating'ono, ndipo njinga imene yaotha dzuwa zaka zingapo timano take timauma ngati chinangwa cha makaka. Mukakoka mwamphamvu mumangomva kuti thyo, ndipo kuno simupeza pogula tina. Mkatimo muli timapulagi titatu: indiketa ya kumanzere, ya kumanja, ndi kanyali ka nambala. Ka kumanzere tinakamanga ulusi wofiira wa anganga kuti tisadzasinthanitse, poti njinga yoloza kumanja ikukhotera kumanzere ndi yoopsa kuposa yopanda maindiketa. Titamasula mabawuti anayi, madigadi onse anatsalira m'manja mwanga ngati mchira wa buluzi.

Ndinakhala nawo m'manja kanthawi, msuweni wanga akufunafuna sipanala ya 10. Ali pa njinga amaoneka ngati chipulasitiki chongopachikapo. Mukawatembenuza mumaona kuti wina anakhala pansi kuwaganizira. Muli timipita todutsamo mawaya kuti asakhudze tayala. Maindiketa akhala pa mphira kuti akagundidwa apinde m'malo mothyoka. Kunsi kwa nambala kuli rifulekita yofiira. Ndipo kumtunda kwake kumatseka bowo la pansi pa mchira, limene likatseguka madzi amalowa n'kufika kumene kuli mawaya ndi mafyuzi. Kachitsulo katsopano kaja kanangotenga ntchito imodzi mwa zonsezi, yonyamula nambala ndi nyali. Zinazo kanatisiyira ife.

Kanyali katsopano ka nambala kanabwera ndi mawaya awiri osenda, opanda pulagi. Msuweni wanga ankafuna kungopotokola n'kukulunga tepi yakuda, monga timachitira ndi wailesi. Ndinakana. Tepi imeneyo ikakumana ndi dzuwa la Okutobala la kunyanja imasungunuka n'kumasuka, ndipo mvula ikabwera dzimbiri limalowa. Tinatenga mawayawo kupita nawo kwa mnyamata wokonza mafoni kumsika, amene anawalumikiza ndi mtovu n'kuwaveka kapulasitiki kofota ndi moto. Sanachedwe n'komwe. Bowo la pansi pa mchira tinalitseka ndi chidutswa cha chubu cha galimoto.

Titabwezera batire, maindiketa atsopano a LED anayamba kuphethira mofulumira ngati munthu wogwidwa bodza. Ambiri amaganiza kuti pamenepa awononga kanthu, ena amati ndi sitayilo n'kusiya choncho. Chifukwa chake n'chosavuta. Kabokosi kamene kamayendetsa kuphethirako kanapangidwa kuti kazimva kuchuluka kwa magetsi amene babu wamba amakoka. LED imakoka pang'ono kwambiri, ndiye kabokosiko kamayesa kuti babu wapsa, n'kuyamba kufulumira pochenjeza mwini njinga. Mankhwala ake ndi kugula kabokosi kena kopangidwira LED, kapena kubwezera maindiketa akale. Ife tinabwezera akale, ndipo zinatipindulira kawiri, chifukwa akalewo ndi aatali. Maindiketa akathithikana kwambiri, munthu amene ali kutali usiku amangoona kuwala kumodzi kwachikasu osadziwa kuti mukukhotera kuti. Ku Ulaya lamulo limafuna kuti akumbuyo atalikirane masentimita osachepera 18, ndipo sindikuona chifukwa chimene maso a dalaivala wa minibasi ya ku Monkey Bay angakhalire akuthwa kuposa a Mjeremani.

Mkangano weniweni unabuka pa kapendekedwe ka nambala. Kachitsuloka kali ndi polumikizira pamene mungathe kuimika nambala kapena kuigoneka. Iye ankafuna igone, iyang'ane pansi monga amaonera pa Instagram. Ndinayenda mapazi makumi awiri kumbuyo n'kumuuza kuti ndikuona M yekha. Kenako ndinamukhazika kutsogolo, ine kumbuyo, n'kuyamba kudumphadumpha pa mpando kuti shoko ifinyike monga imachitira pa mahampu. Apa mpamene ambiri amalumphapo. Njinga ikaima yokha, pakati pa tayala ndi nambala pamaoneka mpata wokwanira. Ikanyamula anthu awiri n'kugwera m'dzenje, tayala limakwera, ndipo nambala ikakhala pamalo olakwika limaipinda kapena kuizula ndi mawaya omwe. Tinasunthasuntha mpaka tinapeza pamene nambala ikuwerengeka ndipo tayala silikuifika. Pa bawuti iliyonse tinaika washala ya sipuling'i, poti misewu yathu ya malata imamasula chilichonse.

Rifulekita mu paketi munalibe.

"Aise, nyali ya buleki ilipo, chimenecho n'cha chiyani?" anafunsa.

Ndinamuuza kuti nyali imadalira batire ndi fyuzi, pamene rifulekita imadalira nyali za amene akubwera kumbuyo. Tsiku limene njinga idzazime usiku pakati pa Nkopola ndi Makawa, iye akuikankha m'mbali mwa msewu wopanda magetsi, kapulasitiki kofiirako ndi kokhako kamene kadzauze lole kuti kutsogoloku kuli munthu. Ngakhale njinga za MotoGP zimene akutsanzirazo zimalamulidwa kuyatsa nyali yofiira kumbuyo kukagwa mvula. Anang'ung'udza, koma tinaizula pa madigadi akale n'kuiboolera kunsi kwa nambala.

Tsopano ndinene chimene ena a inu simukuyembekezera: njingayo inakongola. Titaitsuka n'kuiimika padzuwa, mchira wake unasongoka ngati wa namzeze, tayala lonenepa lija lili poyera. Ana a m'mudzi anaizungulira. Msuweni wanga anaima chapatali manja ali m'chiuno, ndipo ndinaona pa nkhope yake zaka zinayi zogona asanu m'chipinda chimodzi, zoimirira m'sitolo ya eni kuyambira m'mawa mpaka usiku, zokhala ndi mantha nthawi iliyonse anthu akayamba kuimbira alendo nyimbo zowathamangitsa. Akuluakulu amene amati zonsezi ndi chibwana sindigwirizana nawo. Munthu amene wavutikira chinthu ali ndi ufulu wofuna kuti chikongole, ndipo wosauka sakhalira nsima yokha. Asodzi amapenta maboti awo n'kuwalemba mayina ngakhale utoto sukola chambo. Nanga kutsanzira za kunja ndiye kwachilendo kwa ife? Gule wa Beni amene timanyadira ku Mangochi anafala ndi anthu obwerera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, atatengera maperete a asilikali a atsamunda: mayunifolomu, mawenzulo, maudindo, mamendulo. Koma ovina Beni anasankha. Anatenga zimene zikanavinika pa bwalo la kwathu, ng'oma n'kukhala zathu. Funso langa pa fender eliminator ndi lomwelo, loti kodi kachitsuloka kamavinika pa bwalo lathu miyezi yonse.

Kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pa phula la Liwonde kapena pokwera mapiri a Chowe kupita ku Namwera, munthu ali yekha pa njinga, yankho ndi loti inde. Mavuto amayamba mitambo ikachita bii cha mu Novembala. Tayala lakumbuyo la Ninja 300 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, ndiye kuti likuzungulira maulendo oposa 8 pa sekondi iliyonse. Chilichonse chimene laponda chimakakamira kwa kamphindi kenako n'kutayidwa. Chochoka chakunsi chimaulukira kumbuyo, kwa amene akukutsatirani. Chochoka kumsana kwa tayala chimakwera m'mwamba. Chochoka pamwamba chimapita kutsogolo, ndipo mphepo imene imazungulira kumbuyo kwa anthu okwera imachikokera pamsana pawo. Madigadi aatali aja anaikidwa ndendende pa njira imeneyi. Ndipo chimene tayala limaponda ku Mangochi si madzi a mvula okha. Pali matope, mchenga, timiyala, ndowe za mbuzi, ndi madzi aja amadontha m'magalimoto a nsomba, amene fungo lake silimva sopo.

Mu Disembala, mlongo wake wa msuweni wanga anapempha kuti amuperekeze ku ukwati wa mnzake ku Malindi. Mvula inali itagwa usiku n'kukata, dzuwa likuwala, koma msewu wa kwa Makanjira, uja andale amaulonjeza chisankho chilichonse, unali zithaphwi zokhazokha. Anavala diresi loyera losoketsa ndi mpango wake, zimene anasungira ndalama miyezi iwiri. Atafika anatsika n'kuyamba kupereka moni, osadziwa kanthu, mpaka mayi wina anamukokera pambali n'kumufunditsa chitenje. Kuyambira m'chiuno mpaka pa mpango panali mzere wa matope, wowongoka ngati wolemba ndi rula. Ukwati wonse anakhala atafunda chitenje cha eni, ndipo pa zithunzi anaima kumapeto. Pobwerera anakwera kabaza. Madzulo ake anangonena mawu amodzi: "Achimwene, njinga yanuyi yandilavulira." Shati ya achimwene akewo inali yoyera mbee.

Akuluakulu amati walira mvula walira matope. Mwambiwu umaganiza kuti wolira mvulayo ndi amene adzaponde matopewo. Pa njinga yodula mchira sizili choncho: wina amalira mvula, matope n'kugwera mnzake. M'kalasi ya zachuma amatiphunzitsa mawu akuti externality, kutanthauza mtengo umene wopanga chisankho salipira koma umagwera anthu amene sanafunsidwe. Zitsanzo za m'mabuku zimakhala za mafakitale otayira zoipa mumtsinje. Ine chitsanzo chimene ndinachimvetsa ndi diresi lija. Madigadi akumbuyo, nambala, rifulekita ndi maindiketa ndi mbali ya njinga imene imagwirira ntchito anthu ena: wokwera kumbuyo, wa njinga yakapalasa amene mwangomupitirira, dalaivala wa Sienta amene akukutsatirani, mboni imene yaima m'mbali mwa msewu. Mwini njinga akazichotsa amapeza kukongola konse, pamene zotsatira zake zambiri zimagwera ena. Pang'ono pokha mpamene zimamubwerera: matope amamata nyali ya buleki mpaka kuzimiririka, ndipo madzi a mchenga amalowa pansi pa mpando.

Komabe msuweni wanga si amene akundidetsa nkhawa kwambiri. Njinga ngati yake ku Mangochi n'zowerengeka, ndipo sanyamula anthu pa ndalama. Nkhawa yanga ili pa zimene zimachitika fashoni ikatsika kuchoka pa Ninja kufika pa Lifo. Mnyamata wa kabaza sangaitanitse kachitsulo ku Durban. Amatenga sowo, n'kudula madigadi pamene akuona kuti pakongola. Nambala, ngati ilipo, amakaiwotcherera m'mbali kapena kuimangirira ndi waya pansi pa keriyala. Kanyali kake kamatayidwa limodzi ndi chidutswa chodulidwacho. Palibe amene amadumphadumpha pa mpando kuyesa mpata, palibe amene amayenda mapazi makumi awiri kukawerenga. Ndipo njinga imeneyi, mosiyana ndi ya msuweni wanga, ntchito yake yonse ndi kunyamula munthu kumbuyo, tsiku lonse, mvula kaya dzuwa, m'misewu ya ku Katuli, Chilipa ndi Nankumba. Wokwerayo ndi mphunzitsi wopita kukalasi, mayi wopita kusikelo ndi mwana kumsana, bambo wovala mkanjo woyera pa Lachisanu. Mwana wa kumsana ndiye amakhala pa mzere weniweni wa matope ndi timiyala.

Sowo ikayamba kudula siimira pa madigadi. Chotsatira chimakhala chitsulo cha m'mbali chija chokhala ngati sefa, chimene chimatchinga masipoko, ndi chophimba tcheni. Anyamata amati zimakalambitsa njinga. Njinga za ku India monga Bajaj Boxer ndi TVS zimachokera ku dziko kumene lamulo limafuna kuti gudumu lakumbuyo litchingidwe pofuna kuteteza zovala za wokwera kumbuyo, ndipo chitsulocho amachitchula kuti saree guard, kutengera nsalu yaitali imene amayi a kumeneko amavala. Chitenje, mkanjo ndi buibui za kwathu sizisiyana ndi nsalu imeneyo pa kulendewera. Nsonga ya chitenje ikalowa m'masipoko kapena mu tcheni, gudumu silifunsa. Limakulunga nsaluyo m'kuphethira kwa diso n'kumugwetsa munthu, nthawi zina ndi mwendo womwe kulowa. Chitsulo chonyozekacho chinapangidwira amayi ovala ngati amayi athu, ndipo ndi chimene chikuchotsedwa kuti njinga ifanane ndi ya Mtaliyana wovala chikopa chothina.

Za nambala ndiye zimandiwawa mwapadera. Bambo wina woyandikana nafe, wogulitsa makala pa njinga yakapalasa, anagundidwa ndi njinga yamoto chakumadzulo pa msewu wa ku Monkey Bay. Anathyoka mwendo. Anthu anaona, ndipo anali ambiri. Onse anagwirizana kuti njingayo inali yofiira ndipo woyendetsa anavala jekete yakuda. Atafunsidwa nambala, wina anati inalipo koma inayang'ana pansi, wina anati inali yopindika. Njinga zofiira ku Mangochi zilipo zingati? Inshuwalansi imene lamulo limafuna kuti galimoto ndi njinga yamoto iliyonse ikhale nayo inaikidwira anthu ngati bambo ameneyu, koma njira yokapezera chipukutamisozi imayambira pa lipoti la apolisi, ndipo lipotilo limafuna nambala. Popanda nambala, bamboyo anagona miyezi itatu, njinga yake ili chipindikire pakhonde, mkazi wake akusenza makala pamutu. Wogundayo mwina mpaka lero akudutsa pakhomo pawo.

Ndikudziwa chimene ena muyankhe, chifukwa anzanga ku hositelo anandiyankha kale. Akuti ndikulimbana ndi kapendekedwe ka nambala m'dziko limene njinga zambiri za kabaza zilibe nambala n'komwe, zambiri zinalowa kudzera ku Mozambique osalembetsedwa, oyendetsa ambiri alibe ziphaso, ndipo zipewa zodzitetezera n'zosowa. Akuti vuto ndi umphawi ndi kukwera mtengo kwa kulembetsa, osati sowo. Zoona zilimo. Mnyamata amene akuyendetsa njinga ya bwana wake, wofunika kupereka ndalama yoikika madzulo alionse mafuta atakwera mtengo, sangaike kulembetsa patsogolo, ndipo bungwe la akabaza la MACOKASA lakhala likudandaula za mitengo imeneyi. Koma taonani kusiyana kwake. Kulembetsa njinga kumafuna ndalama zimene mnyamatayo alibe. Kusiya madigadi pamalo pake sikufuna tambala. Njinga imabwera nawo kale. Amene akudula akuwononga ndalama ndi nthawi kuti achotse chitetezo chimene anapatsidwa chaulere. Pa mavuto onse a kabaza, ili ndi limodzi mwa ochepa amene sitingawakankhire ku Capital Hill.

Enanso, makamaka madala, amapita mbali inayo. Amati njinga yodula mchira ndi ya wakuba, apolisi azingolanda. Izinso sindikuzivomera. Anyamata ambiri amene ndawafunsa sanadule kuti athawe mlandu. Anadula chifukwa mnzawo wa pa siteji anadula ndipo zinaoneka bwino. Kulanda njinga ya munthu wotere ndi kulanda chakudya cha banja lonse, ndipo tonse tikudziwa mmene zikwapu zoterezi zimathera: sabata imodzi ya chipwirikiti, akabaza akuthawira m'tinjira ta m'midzi pa liwiro loopsa ndi makasitomala kumbuyo, kenako zii mpaka chaka chamawa. Wapolisi ali ndi chifukwa chomveka choimitsira njinga imene nambala yake sikuwerengeka, ndipo aziimitsa. Koma madigadi sangabwerere pa njinga chifukwa cha rodibuloko.

Amene ali ndi mphamvu pa nkhaniyi ndi amene amalipira ulendo. Ndaona amayi ena pa siteji ya pafupi ndi msika akuchita chinthu chimene sindinachione kwa ophunzira anzanga. Asanakambe mtengo amazungulira kaye kumbuyo kwa njinga. Ikakhala yodula amangoti, "Iyayi mwanawe, ndachapa dzulo," n'kupita kwa wotsatira. Mnyamata akakanidwa katatu tsiku la mvula, anzake akunyamula, masamu amawachita yekha. Matcheyamani a masiteji, amene amatha kuthamangitsa munthu chifukwa cholumpha mzere, angathenso kunena kuti pano njinga yopanda madigadi, chotchinga masipoko ndi rifulekita sinyamula. Ndipo ife amene timakwera kabaza tsiku ndi tsiku popita kukalasi, timadziwa kukangana za K200 mpaka thukuta, koma kumbuyo kwa njinga sitiyang'anako.

Kwa amene muli ndi njinga zanuzanu za liwiro ndipo kachitsuloka mwagula kale, sindikuuzani kuti mukataye. Mangani bwino. Nambala iwerengeke munthu ataima patali, ndipo usiku iunikidwe. Maindiketa atalikirane, rifulekita ibwerere, mawaya alumikizidwe ndi mtovu, bowo litsekedwe, mpata wa tayala uyesedwe muli awiri. Koposa zonse musadule waya kapena pulasitiki iliyonse ya njinga yeniyeniyo, ndipo madigadi akale musagulitse. Ubwino waukulu wa fender eliminator poyerekeza ndi sowo ndi woti imamangidwa ndi mabawuti, ndipo chomangidwa ndi mabawuti chimamasulidwa.

Madigadi a msuweni wanga sanatayidwe. Anganga anawapachika pa msomali m'chipinda chosungiramo chimanga, pafupi ndi makasu, chifukwa iwo sataya kanthu. Patapita masiku atatu chichitikire za ku Malindi, amalume anamuitana mwana wawo pakhonde. Sindinamve zonse zimene anakambirana, koma mawa lake m'mawa ndinamupeza pansi pa mango atayala kale matumba a feteleza. Kubwezera kunatitengera nthawi yosakwana ola, poti ulusi wofiira uja unali ukadali pa pulagi yake. Kachitsulo ka ku Durban anakakulunga m'nyuzipepala n'kukaika m'chikwama. Akuti adzakabwezera mu Meyi, mwera ukayamba, ndipo mlongo wake wamuuza kuti kuyambira mwezi umenewo mpaka mvula yoyamba azidzakwera yekha.